Mwana Wosauka m'Nthano ndi m'Mabuku a Ana: Mbiri Yake ndi Phunziro kwa Aphunzitsi

Munthu akaima pa mseu wa Makata m'mamawa, nkhungu isanachoke pa phiri la Ndirande, aona magulu awiri a anthu ali pa ulendo. Akulu atsikira ku mafakitale, ena kukalowa ntchito, ena kukaima pa chipata kuti kapena ganyu apezeka. Ana nawonso ali pa liwiro la kusukulu. Wina wavala nsapato zopukutidwa bwino, wina patapata, wina akuponda pansi ndi mapazi okhaokha. Ambiri anyamula kapu ya phala pamodzi ndi makope ao. Ana onsewa akakhala m'chipinda chimodzi, nayang'ana mphunzitsi mmodzi, namva nkhani imodzi. Tsono nkhaniyo ikakhala ya mwana wosauka, kodi onse aimva chimodzimodzi?

Funso limeneli landivuta kuyambira pamene ndidayamba kuphunzitsa aphunzitsi. Masiku ano timva kawirikawiri kuti nkhani zopeka zithandiza ana kumva za anzao, ndi kuti mphunzitsi wanzeru angathe kukamba za umphawi podzera m'buku. Mau amenewa ngoona, koma si atsopano pakati pathu. Makolo athu adaidziwa njira imeneyi kusanabwere sileti kapena choko. Chifukwa chake ndifuna kuti tiyende pamodzi m'mbiri ya mwana wosauka wa m'nthano ndi wa m'mabuku, tione umo waonetsedwera m'nyengo zosiyanasiyana, ndipo pomaliza tifunsane chimene ife aphunzitsi a lero tiyenera kuchita naye.

Nthano za pa Moto

Sukulu yoyamba ya chifundo inali pa moto wa madzulo, makamaka m'nyengo ya mwamvu anthu atakolola. Agogo akati, “Padangotero,” ana ayankha, “Tiri tonse,” ndipo nthano iyenda. M'nthano zimenezi mwana wamasiye sasowa. Ndiye amene apatsidwa nsima ya gaga pamene ana a mwini nyumba adya ya ufa woyera; ndiye atumidwa kumadzi usiku; ndiye agona pafupi ndi khomo. Iriponso nthano ya bambo wa m'chaka cha njala, amene adapeza uchi, naukwirira mu mtsuko pansi pa phulusa, namayamwa ndi bango, akunamiza mkazi ndi ana ake kuti akudya phulusa chifukwa cha kuwamvera chisoni. Ana adatulukira chinsinsicho, bamboyo nachita manyazi pamaso pa mudzi wonse.

Tikaziyang'anitsitsa nthanozi tipezamo zinthu ziwiri. Choyamba, mlandu sugwera wosauka. Wotsutsidwa ndi uja amana, uja abisa chakudya, uja aiwala kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chachiwiri, nthano zambiri ziri ndi nyimbo pakati pake, ndipo nyimboyo ndi dandaulo la mwana wozunzikayo. Wokamba akaiyamba, ana onse avomera. Motero mwana wokhuta, amene mai ake ali pafupi, aimba ndi pakamwa pake mau a mwana wopanda mai, ndipo kwa kanthawi kochepa asanduka wamasiye iye mwini. Palibe adamuuza kuti achite chifundo. Adangomlowetsa m'malo mwa mnzake, mtima wake nuchita zotsalazo.

Tiyenera kukumbukiranso kuti umphawi wa m'nthano unali wa mtundu wake. Wolemba mbiri John Iliffe, m'buku lake la 1987 lonena za amphawi a mu Africa, adaona kuti mau athu akuti umphawi akhudza kusowa abale ndi abwenzi. Nzoonadi. Kumudzi munda unalipo kwa yense wokhala ndi mphamvu ndi mbumba. Wosauka weniweni anali wopanda womlimira, wopanda womnenera pa bwalo. Mankhwala a umphawi wotere anali chibale, ndipo nthano inali kuphunzitsa chibale chomwecho.

Mabuku a Kutsidya kwa Nyanja

Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa m'chaka cha 1876, ndipo pofika 1892 David Clement Scott anali atatulutsa buku lake lalikulu la mau a Chimang'anja. Amishoni adadza ndi sukulu, ndi makina osindikizira, ndiponso ndi maganizo a kwao a umo nkhani iyenera kulangizira mwana. Dziko limene adachokerako linali litadzaza kale ndi mabuku onena za ana osauka. Charles Dickens adayamba kutulutsa Oliver Twist m'chaka cha 1837, podzudzula nyumba zosungiramo amphawi zimene zidachuluka ndi lamulo la 1834. Hans Christian Andersen wa ku Denmark adalemba m'chaka cha 1845 za kamtsikana kogulitsa machesi kamene kadafa ndi chisanu pa mseu. Hesba Stretton adalemba Jessica's First Prayer, limene bungwe la Religious Tract Society lidatulutsa ngati buku m'chaka cha 1867, ndipo lidawerengedwa m'maiko ambiri.

Mabuku amenewa adachita ntchito yaikulu. Adatsegula maso a anthu okhala bwino kuti aone ana ogona m'makonde a mizinda yao. Koma ambiri a iwo, makamaka aja a m'sukulu za Sande, anali ndi chilema chimodzi: adalembedwera mwana wokhala ndi nsapato kuti amvere chisoni mwana wopanda nsapato. Wosaukayo aoneka ngati munthu woonedwa pa zenera. Ali wofatsa, wosadandaula, ndipo chipulumutso chake chidza ndi munthu wachuma wokoma mtima, kapena ndi imfa. Wowerenga aphunzira kupatsa, chimene chiri chabwino, koma sayembekeza kuti wopatsidwayo angakhale naye pa benchi limodzi, kapena kumposa pa masamu. Apa pali kusiyana ndi nthano ya agogo, m'mene wamasiye anali mwana wa pa mudzi pomwepo, wodziwika dzina ndi mtundu wake.

Olemba Athu Oyamba

Nkhani zolembedwa ndi eni dziko m'chinenero chathu zidayamba kudziwika ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Buku lake lotchedwa Nthondo lidapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo lidatuluka m'chaka cha 1933. T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa, ndipo amene adalisindikiza ku London m'chaka cha 1934 ndi Religious Tract Society yomwe ija. Bukuli litsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake, ubwana wake wa kusamvera, ulendo wake wokafuna ntchito kutali, kufikira pa ufumu ndi kutembenuka mtima. Silinalembedwere ana aang'ono, komabe lidasonyeza kuti moyo wa mnyamata wamba wa kumudzi ukwanira kudzaza buku.

M'chaka cha 1948 boma lidakhazikitsa ku Lusaka bungwe losindikiza mabuku la maiko awiri, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo timabuku ta Chinyanja tidachuluka m'masukulu. M'zaka zotsatira ana adawerenga E. W. Chafulumira, mlembi wa Kazitape ndi Kantini. Josiah Phiri, mlembi wa Kalenga ndi Mnzake. Ndi John W. Gwengwe, amene Sikusinja ndi Gwenembe wake adatuluka m'chaka cha 1965. Nzeru za Kale za Stevenson Kumakanga nazonso zidasunga miyambi pamodzi ndi tinkhani toimasulira.

Pa nthawi imeneyi umphawi unali utasintha nkhope. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama; thangata la pa minda ya Azungu linkadya masiku a munthu olimira munda wake; amuna zikwizikwi ankanka ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ndipo dzina la Wenela likadali pa malo okwerera basi mu Blantyre kufikira lero. Munthu akadatha kukhala ndi abale ambiri, nakhalabe wosauka chifukwa chosowa ndalama ya msonkho. Nkhani ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene idachokera m'nthano yakale, idagwirizana bwino ndi nyengo imeneyi: anthu awiri apachibale abwerera kwao, wina ali ndi katundu, wina ali chimanjamanja, ndipo nsanje idzetsa mwazi, mbalame niulula mlandu.

Olemba a nyengo iyi, amene ambiri anali anthu a sukulu ndi a mpingo, adalimbikira kuphunzitsa khama, kusunga ndalama, ndi kupewa mowa ndi ulesi. Tiyenera kuwalemekeza, pakuti ndiwo adatipatsa Chichewa cholembedwa chimene tinyadira. Koma phunziro lao likaperekedwa mosasamala libala ganizo loopsa mwa mwana, lakuti yense wosauka adadzichititsa yekha. Nthano ya pa moto inkafunsa kuti, ndani wam'mana? Buku la malangizo lidazolowera kufunsa kuti, adalakwa chiani? Mafunso onse awiri ali ndi malo ake, koma mwana womva lachiwiri lokha akula ali wouma mtima.

Njala ya 1949

Chaka chotsatira kukhazikitsidwa kwa bungwe la mabuku lija, dera lino la Blantyre lidagwa m'njala yoopsa. Mvula idadula pakati pa dzinja, chimanga chinauma m'minda, ndipo boma lidafika potsegula malo odyetserako anthu ofooka. Megan Vaughan, amene adafufuza za njalayi m'midzi ya boma la Blantyre natulutsa buku lake m'chaka cha 1987, adapeza kuti chikumbutso chake chidasungika kwambiri m'nyimbo za amai za pa mtondo. Amai ankakumbukira amuna amene adachoka kukafuna chakudya osabweranso, ndi mabanja amene adatha chifukwa cha njala. Bambo uja wa uchi wa pansi pa phulusa adaoneka ndi maso.

Ndatchula njala imeneyi chifukwa itiphunzitsa kuti nkhani zoona za umphawi wathu zakhala nthawi zambiri m'kamwa mwa amai, kutali ndi makina osindikizira. Amene anali ana m'chaka cha 1949 lero ndi nkhalamba za zaka 80 kapena kuposa, ndipo atsala owerengeka m'Ndirande, m'Chilomoni, m'Machinjiri. Mphunzitsi wotuma ana ake kukafunsa agogo otere, nalemba zimene amva, apeza buku limene palibe sitolo iligulitsa.

Ufulu, Mafakitale ndi Kukhala Chete

Dziko lidalandira ufulu m'chaka cha 1964, ndipo m'chaka cha 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha fuko. Bungwe loyang'anira Chichewa lidadza m'chaka cha 1972. M'zaka zomwezo dera la Makata lidadzaza ndi mafakitale: la nsalu la David Whitehead lidayamba m'chaka cha 1967, la mowa la Carlsberg m'chaka cha 1968. Anthu adakhamukira ku Ndirande kuti akhale pafupi ndi ntchito, namanga nyumba mothithikana m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo ndi m'munsi mwa phiri. Kudabadwa mwana wa mtundu watsopano, mwana wa m'tauni wopanda munda ndi nkhokwe, amene chakudya chake chidalira malipiro a pa mwezi kapena ganyu wa tsikulo.

Koma kulemba za mwana ameneyu sikunali kwapafupi. M'chaka cha 1968 momwemo mudakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku ndi zisudzo. Dr. H. Kamuzu Banda ankabwereza kawirikawiri kuti anthu ake ayenera kukhala ndi zinthu zitatu, chakudya, zovala, ndi nyumba yosadontha, ndipo kunena poyera kuti ena alibe zimenezi kunali ngati kutsutsa boma. Ngakhale zinali tero, olemba ena adapeza njira. M'zaka za m'ma 1980 mudatuluka mabuku monga Njala Bwana la Willie Zingani ndi Mwana wa Mnzako la Jolly Max Ntaba, amene maina ao okha asonyeza kumene mitima ya olembawo inaloza. Kukhala chete kudasweka poyera pa 8 Marichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Chikatolika idawerengedwa m'matchalitchi, nitchula mwa zina phompho la pakati pa olemera ndi osauka.

Chaka cha 1994

M'mbiri yonseyi palibe chaka choposa 1994. Kufikira nthawi imeneyo sukulu ya pulaimale inali ya fizi, ndipo ana osaukitsitsa ambiri ankatsala kunyumba. Mphunzitsi akamawerenga za mwana wausiwa, mwiniwake nthawi zambiri anali kunja kwa mpanda, akugulitsa mtedza kapena akulera mng'ono wake. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi, chiwerengero cha ana a pulaimale chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zipinda zidachepa, ana naphunzirira pansi pa mitengo, aphunzitsi nalembedwa mofulumira. Mavuto anali ochuluka, komabe chinthu chachikulu chidachitika: mwana uja tinkamuwerenga m'buku adalowa m'kalasi nakhala pansi.

Ine ndiri mmodzi wa ana a nyengo imeneyo. Ndikumbuka njala ya 2002, pamene malo a anzathu ena m'kalasi ankakhala opanda anthu sabata ndi sabata, ndipo otsalafe sitinkafunsa kumene apita, chifukwa tinkadziwa. M'chaka chomwecho bungwe la Mary's Meals lidayamba ntchito yake m'Malawi muno ndi ana 200, ndipo kapu ija ana anyamula pa mseu wa Makata ndi mboni ya mbiri imeneyi. Kafukufuku wa boma wa 2019 ndi 2020 adapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi linali pa umphawi. Kotero mphunzitsi wotsegula buku lonena za mwana wosauka adziwe kuti akukamba za anthu amene akumyang'ana.

Mwana Wosauka Wokhala ndi Nzeru Zake

M'zaka zapitazi mwatuluka mabuku a ana amene aonetsa mwana wa kuno mwa njira ina. Karen Lynn Williams, amene adakhalapo m'Malawi, adatulutsa Galimoto m'chaka cha 1990. Ndi nkhani ya mnyamata Kondi, amene ayendayenda tsiku lonse kufunafuna mawaya kuti apange galimoto lake. Bukuli silitchula Kondi kuti ndi mmphawi, ndipo silipempha wowerenga kuti amlirire. Tiona mwana wodziwa chimene afuna, wopirira, waluso la manja, ndipo mwana aliyense wa ku Bangwe kapena ku Zingwangwa amzindikira msanga.

Ina ndi mbiri yoona ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene adasiya sukulu ya sekondale m'nyengo ya njala ya 2002 chifukwa chosowa fizi, nawerenga mabuku a m'kanyumba ka mabuku ka kwao, napanga makina oyendera mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Buku lake, limene adalemba pamodzi ndi Bryan Mealer, lidatuluka m'chaka cha 2009. La zithunzi la ana aang'ono m'chaka cha 2012. Ndipo kanema wake m'chaka cha 2019. Mabuku awiriwa adasindikizidwa m'Chingerezi ku America, ndipo nchachisoni kuti mwana wa kutsidya kwa nyanja awapeza mosavuta kuposa mwana wa ku Ndirande.

Nkhani zotere zibwezera ulemu kwa wosauka, koma nazonso zifuna kusamala. Mphunzitsi akati, “Onani Kamkwamba, inu mulekeranji?” wasandutsa chilimbikitso kukhala chikwapu. Ana zikwi zambiri adasiya sukulu m'njala yomweyo, osapanga makina alionse, ndipo sanali ochepa umunthu. Funso loyenera kufunsa ana nlakuti, kodi nchiani chidamchotsa pa sukulu mnyamata wanzeru chotere, ndipo ndani akadatha kuletsa zimenezo?

Pa mabuku a kunja ndifuna kutchula limodzi limene ndiliyesa lothandiza koposa kwa aphunzitsi, The Hundred Dresses la Eleanor Estes, la m'chaka cha 1944. Mtsikana Wanda, mwana wa mlendo wosauka, avala diresi limodzi masiku onse, ndipo anzake amseka kufikira banja lake lisamuka. Nzeru ya bukuli iri pakuti tiona zonse ndi maso a Maddie, mtsikana amene sadayambitse chipongwe, koma adaima pomwepo osanena kanthu, poopa kuti angatembenukire iye, popeza nayenso anali wovala zolandira. Pozindikira kulakwa kwake, Wanda anali atapita. Ana ambiri m'kalasi sali ozunza kapena ozunzidwa. Ali a Maddie, ndipo ndiwo amene nkhani ingawatembenuze.

Chimene Ndidaona m'Kalasi

Tsiku lina ndidapita kukayendera wophunzira wathu amene ankayesera kuphunzitsa pa sukulu ina ya kufupi kuno. Anali mnyamata wakhama, wokonzekera bwino, ndipo adawerengera ana a Sitandade 4 kankhani ka mwana wamasiye. Ana adatchera khutu, m'chipinda muli zii. Pofuna kuti phunziro limveke, iye adaloza kamnyamata kena kokhala m'mbali, ka malaya ong'ambika pa phewa, nati, “Mwana wa m'nkhaniyi ali ngati mnzathu uyu. Tiyeni tizimchitira chifundo.” Mitu yonse idatembenuka. Ena adaseka, ena adamyang'ana ndi chisoni, ndipo sindidziwa chimene chidamlasa koposa. Kamnyamatako kadaweramitsa mutu, nikaphimba phewa ndi dzanja kufikira belu lidalira.

Titatuluka ndidamfunsa mphunzitsiyo kuti, “Aphunzitsi, mwanayo mwampatsa chiani lero?” Adayankha kuti, “Ndafuna kuti anzake amkonde.” Ndidati, “Nanga mawa adzalowa bwanji pa khomo lija?” Adakhala chete. Nditabwerako sabata yotsatira ndidamva kuti mwanayo adajomba masiku atatu, ndi kuti mphunzitsiyo adapita yekha kwao kukamtenga. Ndidamyamikira pa ichi. Koma mlandu waukulu ndidauona pa ine mwini, pakuti ndine ndidamphunzitsa kuti nkhani idzutsa chifundo, osamphunzitsa kuti chifundo chopanda ulemu chivulaza.

Malangizo kwa Aphunzitsi Anzanga

Kuchokera m'mbiri iyi ndi m'cholakwa chija ndatolamo mfundo zingapo, zimene ndizipereka kwa inu kuti muziyese.

Poyamba, nkhani ikhale chishango cha mwana wosauka. Ubwino wa munthu wopeka ndi wakuti tingathe kukamba za njala yake, nsanza zake ndi manyazi ake popanda kuvula wina aliyense m'chipindamo. Musaloze mwana, musatchule dzina, musafunse kuti ndani sanadye m'mawa. Wofuna kunena za kwao adzanena yekha, nthawi yake itakwana, ndipo kawirikawiri adzanena kwa inu nokha.

Kachiwiri, sankhani nkhani imene wosauka ali munthu wathunthu, woseka, wokwiya, wolakwa, wochenjera. Chinua Achebe, m'buku lake la ana la 1966 lotchedwa Chike and the River, aonetsa mnyamata wosowa ndalama yoolokera mtsinje wa Niger, koma chimene wowerenga akumbuka ndi chikhumbo chake ndi mayesero ake. Mwana wotere anzake amfuna kukhala bwenzi lao, ndipo ubwenzi upambana chisoni.

Kachitatu, bwererani ku njira ya agogo, yolowetsa mwana m'malo mwa mnzake. Ana aimbe nyimbo ya m'nthano, achite sewero, alembe kalata ngati kuti ndiwo mwana wa m'nkhaniyo. Pogawa mbali za sewero, mwana wa nsapato zopukutidwa atenge mbali ya wamasiye, ndipo wopanda nsapato akhale mfumu yoweruza mlandu.

Kachinai, funsani mafunso ofufuza chifukwa. Kodi bambo wa mwanayu ali kuti? Chimanga chidakwera mtengo chifukwa ninji? Anansi adachitapo chiani, ndipo akadachita chiani? Ana a Sitandade 6 angathe kumva za mvula, za malipiro, za matenda, za mtengo wa feteleza. Akamva zifukwa aleka kuyesa umphawi ngati tsoka la obadwa nalo kapena chilango cha ulesi.

Kachisanu, tilembe tokha, ndipo tilembe m'Chichewa. Mtima wa mwana umva msanga m'chinenero chimene alirira ndi kusekera. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope nakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu oposa 1,000 adafa m'dziko muno. Masukulu ambiri a mu Blantyre adasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Ana amene adagona m'makalasi amenewo adabwerera kukaphunzira m'zipinda zomwezo, pamodzi ndi anzao amene nyumba zao sizidagwe. Nkhani yao iyenera kulembedwa ndi wina wodziwa fungo la matope aja, ndipo palibe woidziwa kuposa mphunzitsi. Ntara anali mphunzitsi ngati ife. Sadadikire kuti wina adze kudzamlembera.

Mau Otsiriza

Taona mwana wosauka ali wamasiye wa pa mudzi, ali wopemphapempha wa pa zenera, ali chitsanzo cha malangizo, ali wobisika m'zaka za mantha, ndipo potsiriza ali mmisiri wa mawaya ndi mphepo. Nyengo iriyonse idamjambula monga mwa maso ake. Ife a lero tiri ndi udindo woposa wa onse adatitsogolera, chifukwa kuyambira 1994 mwanayo amva yekha zimene tinena za iye. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe; ndipo m'tauni muno, m'mene fakitale ingatseke mwezi uno ndi phiri kugumuka mwezi wa mawa, mwambiwu suchedwa kupherezera. Mwana wa nsapato ayenera kuumva, osati kuti achite mantha, koma kuti adziwe kuti iye ndi mnzake ali pa ulendo umodzi. Mukadzatsegula buku mawa m'mawa, aphunzitsi anzanga, yambani mwayang'ana nkhope ziri patsogolo panu, ndipo muwerenge mwa njira yakuti pomaliza mwana aliyense, wa pa benchi la kutsogolo ndi wa pansi pafupi ndi khomo, athe kuyankha ndi mutu woweramuka kuti, “Tiri tonse.”